Makina Otsukira Mbale Akalemba F5 Kapena E5: Mafunso ndi Mayankho pa Mota ya Chivundikiro

Pali makina otsukira mbale amene alibe chitseko chogwera kutsogolo monga anzawo. Munthu amangokoka dilowa, n'kuikamo mbale, n'kuikankhira mkati. Amenewa ndi makina a DishDrawer a kampani ya Fisher & Paykel, omwe amapezeka m'makhitchini ambiri ku New Zealand, Australia, Britain ndi America. Eni ake amawakonda chifukwa dilowa ya m'mwamba sifuna kuwerama popakira, komanso mbale zikakhala zochepa amatsukira m'dilowa imodzi osadikira kuti zichuluke.

Koma limafika tsiku loti makinawa ayamba kulira mosalekeza, pa kasikirini palembedwa F5 kapena E5, ntchito yaima. Mmisiri akabwera amatchula za mota ya chivundikiro, chinthu chimene mwini makina sanachionepo chigulireni. Ambiri akamva zimenezi amangoti basi mota yapsa. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma uthengawo pawokha umangonena kuti chivundikiro sichinayende monga mmene bolodi loyendetsa makina limayembekezera. Zoyambitsa zake zilipo zingapo, kuyambira mthiko woikidwa choimirira mpaka waya woduka mkati, ndipo zina mwa izo zimatha popanda kugula kanthu.

Kodi chivundikirocho chili pati, poti munthu akatsegula dilowa sachiona?

Chimatsalira mkati mwa kabati ya makina. Dilowa iliyonse ndi beseni lokhala ndi zonse zofunika potsuka: mota yopopa madzi, mkono wozungulira wowaza madzi, sefa, chotenthetsera madzi ndi malo oikamo sopo. Beseni limeneli ndi lotsegula pamwamba. Likakokedwa limatuluka lokha, chivundikiro n'kutsala chili lende kudenga kwa kabati. Wofuna kuchiona akoke dilowa mpaka kumapeto, agwade, aunike ndi tochi m'mwamba mwa mpata wotsalawo. Aona chipulasitiki chafulati chokhala ndi labala kuzungulira m'mbali monse.

Nzeru yotsukira mbale m'dilowa inachokera ku New Zealand. Kampani ya Fisher & Paykel anaiyambitsa ndi Woolf Fisher ndi Maurice Paykel mumzinda wa Auckland mu 1934, ndipo poyamba ankangoitanitsa mafiriji ndi makina ochapira kuchokera kunja. DishDrawer inatuluka mu 1997. Kwa zaka zambiri inkapangidwa ku Mosgiel, pafupi ndi Dunedin, mpaka mu 2008 pamene kampani inalengeza zosamutsira ntchitoyi ku Reynosa m'dziko la Mexico. Kuyambira mu 2012 kampaniyi ili m'manja mwa Haier ya ku China.

Kutsukira mbale m'dilowa kunabweretsa funso lovuta kwa akatswiri ake: beseni loyenda uku ndi uku litsekedwa bwanji kuti madzi otentha owazidwa mwamphamvu asadumphire kunja? Makina oyambirira ankapopera mpweya mu labala kuti afufume n'kutseka mpata. Pofika pa mtundu wa DD603, ntchito yotsekayo anaipereka kwa mamota okoka chivundikiro.

Nanga chimatsika ndi kukwera bwanji?

Dilowa iliyonse ili ndi timamota tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, tomangiriridwa m'mbali mwa kabati pafupi ndi njanji zimene dilowa imayendapo. M'masitolo a zipangizo mota imeneyi imadziwika kuti lid actuator. Imagwira ntchito ndi magetsi ochepa, a 24 volts, ochokera ku bolodi. Ikazungulira imayendetsa magiya ang'onoang'ono, magiyawo n'kuzunguza kandodo ka mazinga kamene kamakwera kapena kutsika, mofanana ndi jeke wonyamulira galimoto. Kandodoko kamakolekedwa ku goli la pulasitiki, lomwe ogulitsa amalitcha yoke, ndipo goli ndi limene lagwira chivundikiro.

Munthu akatseka dilowa n'kudina batani loyambira, kachipangizo koona ndi kuwala kamatsimikizira bolodi kuti dilowa yafikadi kumapeto. Pamenepo mamota onse awiri amakoka chivundikiro pansi mpaka labala atakanikizika pamlomo pa beseni. Kaphokoso kong'ung'udza kamene kamamveka kwa masekondi angapo madzi asanayambe kulowa n'komweko. Kutsuka kukatha, kapena wina akadina batani loimitsa kaye, mamota amazungulira chobwerera ndipo chivundikiro chimakwera. Ndi chifukwa chake malangizo a kampani amati munthu akaimitsa makina adikire kuti alire katatu asanakoke dilowa.

Makina a madilowa awiri ali ndi mamota a chivundikiro 4 ndi magoli 4. Dilowa imodzi ikadwala, inayo imatha kukhala yabwinobwino, ndipo imathandiza pofanizira phokoso ndi kayendedwe.

Kodi F5 ndi E5 zimasiyana?

Vuto lake ndi limodzi, kusiyana ndi m'badwo wa makina. Mtundu wa DD605 umalemba F5, pamene makina ena otuluka pambuyo pake amalemba E5. Manambala enawo amatsata dongosolo lomwelo: 1 ndi madzi osefukira pansi pa makina, 2 ndi mota yopopa madzi, 3 ndi madzi otentha mopyola muyeso, 4 ndi chotenthetsera, 5 ndi chivundikiro. Makina ena obisika kuseri kwa thabwa lofanana ndi makabati a m'khitchini alibe kasikirini, choncho amasonyeza vuto ndi timagetsi toyaka mwa ndondomeko yake, yomwe imafotokozedwa m'buku la mtunduwo.

Chofunika kusamala n'chakuti manambala amenewa ndi a Fisher & Paykel okha. Makina a makampani ena amalembanso E5 kapena F5 koma akutanthauza zina zosakhudzana ndi chivundikiro. Wofufuza pa intaneti alembe dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa makina pamodzi ndi uthengawo, apo ayi agula chipangizo cholakwika.

Bolodi limadziwa bwanji kuti chivundikiro sichinafike, poti mkatimo mulibe diso lochiyang'ana?

Limamvetsera kuchuluka kwa magetsi amene mamota akukoka. Mota ikamayenda momasuka imakoka magetsi ochepa. Ikafika pothera ulendo, labala atakanikizika ndipo kandodo sikangapitirire, imalemedwa n'kuyamba kukoka magetsi ambiri. Bolodi likaona kukwera kumeneku limadziwa kuti chivundikiro chafika, n'kudula magetsi a mota.

Wamvetsa zimenezi wamvetsa theka la vuto lonse, chifukwa zinthu zimasokonekera m'njira zitatu. Yoyamba, bolodi limatumiza magetsi koma palibe chowakoka. Apa ndiye kuti waya waduka, pulagi yaing'ono ya mota yakhwefuka kapena yachita dzimbiri, kapena mota yapsa mkati. Yachiwiri, mota imakoka magetsi ambiri pongoyamba chifukwa ikulephera n'kutembenuka komwe: magiya amangana, kandodo kagwira dzimbiri ndi litsiro, kapena china chapinga. Yachitatu, mota imangozungulira osalemedwa mpaka nthawi imene bolodi linaipatsa itatha. Zikatere, mano a magiya aperepeseka kapena goli lathyoka, moti mota ikuyenda koma palibe chimene ikukoka.

Njira zitatuzi zimamveka mosiyana kukhutu. Kuli zii mbali imodzi, waya kapena mota. Kukamveka kulira kolemedwa kwa kanthawi kenaka zii, pali chomanga. Kukamveka kuzungulira kopepuka kotalika, nthawi zina kophatikiza ndi kukhetemula kwa mano olumphana, magiya kapena goli ndiwo afa.

Uthengawu ukangotuluka, choyamba kuchita n'chiyani?

Osakoka dilowa mwamphamvu. Mwini makina adine batani lozimitsa kuti kulirako kuleke, kenaka azimitse magetsi pa soketi ya pakhoma, kapena pa bokosi la mafyuzi ngati soketi ili kuseri kwa kabati. Adikire mphindi zingapo, n'kuyatsanso. Magetsi akagwedera kapena bolodi likasokonezeka kamodzi, uthenga umafufutika pamenepa osabwereranso.

Dilowa ikatseguka, achotse mbale zonse ndi kabasiketi ka masipuni, aunike chivundikiro ndi tochi. Ayang'ane ngati chili chowongoka kapena chapendekeka, mbali imodzi m'mwamba inayo pansi. Apapase labala kuzungulira konse kuti amve ngati wang'ambika kapena wapindika. Apukute mlomo wa beseni ndi kansalu konyowa, chifukwa mafuta ouma ndi zotsalira za chakudya zimaunjikana pamenepo. Aonenso m'mbali mwa kabati, kumene chivundikiro cha botolo la mwana kapena kasipuni kamatha kugwera n'kukakamira pafupi ndi goli.

Akatero atseke dilowa ili yopanda kanthu, asankhe pulogalamu yaifupi yongotsukuluza, aike khutu pafupi n'kudina batani. Makina akayenda bwino opanda mbale, wolakwa anali kapakiridwe. Uthenga ukabwereranso dilowa ilibe kanthu, vuto lili m'zipangizo.

Kodi kapakiridwe ka mbale kangaimitsedi makina?

Kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku amayambira pamenepo. Mpata wa pakati pa mlomo wa beseni ndi chivundikiro chokwezedwa ndi wochepa. Chinthu chotulukira pang'ono pamwamba pa mlomowo chimatha kudutsa dilowa ikamatsekedwa, koma chivundikiro potsika chimakhalira pa icho. Mbale zikuluzikulu zoperekera chakudya, thabwa lodulirapo nyama, chogwirira cha poto, matambula ataliatali ndi mipeni yoimikidwa m'kabasiketi ndizo zimakonda kuchita zimenezi.

M'nyumba za Amalawi okhala ku Britain kapena ku Australia muli wolakwa winanso: mthiko ndi chipande. Mthiko wobwera nawo kuchokera kumudzi ndi wautali kuposa masipuni amene kabasiketi anakapangira. Ukaimikidwa, mutu wake umasuzumira pamwamba pa beseni, chivundikiro n'kutsika mbali imodzi, mbali inayo n'kutsamira pa mtengowo. Zikachitika kawirikawiri goli limapindika mpaka kuthyoka. Ziwiya zamtengo n'zosayenera n'komwe kutsukidwa m'makina, chifukwa madzi otentha ndi sopo wamphamvu amazing'alula.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Asanatseke dilowa, wopakira ayendetse chikhatho chafulati pamwamba pa beseni kuchokera mbali ina kukafika inayo. Chilichonse chogunda dzanja chigonekedwe kapena chichotsedwe. Kwa mabanja okhala ndi mbale zikuluzikulu, kampaniyi imapanganso makina a dilowa yakuya, otchedwa Tall.

Bwanji nthawi zina vuto la chivundikiro limatuluka ngati F1 kapena E1?

Chifukwa bolodi limatha kupusitsidwa. Chivundikiro chikakhalira pa chinthu cholimba, mota imalemedwa ngati kuti yafika pothera, ndipo bolodi limakhulupirira kuti beseni latsekeka. Madzi amalowa, mkono umayamba kuwaza, madziwo n'kumadumpha pa mpata wotsala. Amatsikira m'mbali mpaka pansi pa kabati, pomwe pali kachipangizo kozindikira kusefukira. Pamenepo makina amalemba F1 kapena E1, pampu yotaya madzi n'kumangoyenda osaleka.

Zomwezi zimachitika mota imodzi ikafooka: inzake imatseka mbali yake, iyo n'kusiya mpata. Pa makina akale a DD603, vuto la mamota a chivundikiro limadziwika kwambiri kudzera mu F1 yomweyi. Ambiri amapukuta madzi a pansi, kuumitsa, uthenga n'kuchoka, koma pakapita masiku ochepa umabwerera, chifukwa anapukuta madzi osatseka kumene akutulukira.

Madzi odonthawo amaononganso zina. Njira yawo yotsikira imadutsa pa mamota a chivundikiro, ndiye dzimbiri limalowa m'mapulagi ndi m'kandodo. Makina amene anayamba ndi labala wong'ambika amatha kumalizira ndi mota yakufa. Thovu nalo limasefukira chimodzimodzi ngati wina wathira sopo wamadzi wotsukira mbale pamanja m'malo mwa sopo wa makina. Choncho F1 ikatuluka, chivundikiro, labala ndi mtundu wa sopo ziyenera kufufuzidwa limodzi ndi mapayipi.

Magetsi akathima chivundikiro chili pansi, mbale zitulutsidwa bwanji?

Njira yabwino ndiyo kudikira. Magetsi akabwerera, mamota amakweza chivundikiro okha makina akaimitsidwa kapena akamaliza ntchito. Ngati mkatimo muli chofunika mwamsanga, dilowa imatheka kukokedwa ndi mphamvu, labala n'kukwekwereza pamlomo pa beseni mpaka itatuluka. Choopsa chili pobwezera. Chivundikiro chikadali pansi, beseni limachigunda, ndipo wokankha mokakamiza amang'amba labala kapena kuthyola goli. Mabuku a amisiri a makinawa amachenjeza za chimenechi, ndipo amati chivundikiro chiyambe chakwezedwa, ngakhale pozunguza timandodo ta mamota ndi dzanja, mosamala kuti tisapitirire malire.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kumadera kumene magetsi amathimathima, monga ku Malawi ndi ku Zambia, kwa amene anaitanitsa makina oterewa kuchokera kunja. Dilowa yokokedwa magetsi atathima isiyidwe yotsegula, ndipo onse a m'nyumba, ana ndi antchito omwe, auzidwe kuti asaikankhe.

Kodi pali njira yoyesera mamota popanda kumasula makina?

Ilipo. Makinawa ali ndi pulogalamu yobisika ya amisiri yoyesera chipangizo chilichonse pachokha. Pa mitundu monga DD603 ndi DD605 yokhala ndi kasikirini, imatsegulidwa pogwira batani la loko ndi batani loyambira pamodzi kwa masekondi 5, makina ali olumikizidwa ku magetsi koma sakutsuka. M'gawo loyesera zipangizo, chilichonse chili ndi zilembo zake, ndipo mamota a chivundikiro amalembedwa Ld. Mitundu yatsopano ili ndi mabatani ena, motero kalowedwe kake kamatengedwa m'buku la mtundu umenewo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti chivundikiro chimatha kutsitsidwa ndi kukwezedwa dilowa ili yotsegula, munthu akuonerera ndi tochi. Chabwinobwino chimatsika mbali zonse mofanana, n'kukwera chimodzimodzi. Mbali imodzi ikamatsalira, ikamanjenjemera kapena ikangokhala duu, mota yodwala yadziulula. Mamota onse awiri akakhala chete, sizichitikachitika kuti onse apsa tsiku limodzi, ndiye diso lipite ku mawaya ndi ku bolodi.

Poyesa motere manja asalowe m'kabati, ndipo chivundikiro chisiyidwe chili m'mwamba dilowa isanatsekedwe.

Akatsegula mkati, mmisiri amayang'ana chiyani?

Amayamba wazula pulagi ya magetsi ndi kutseka mpopi wolowetsa madzi. Ngakhale mamota a chivundikiro amagwiritsa ntchito magetsi ochepa, pansi pa kabati pali bolodi lina lolandira magetsi onse a m'nyumba, ndipo pafupi pake pamatha kukhala ponyowa. Kenaka amakhuthula madzi otsala m'beseni, amamasula timaloko togwirizira dilowa ku njanji zake mbali zonse ziwiri, n'kuinyamula. Dilowa imakhala ikadali yolumikizidwa ndi mapayipi ndi mtolo wa mawaya kumbuyo kwake, choncho imagonekedwa chammbali pa thawulo pafupi pomwepo, osati kukokeredwa kutali. Ntchito imeneyi imayenda bwino anthu akakhala awiri.

Dilowa ikachoka zonse zimaonekera. Mmisiri amagwedeza goli lililonse kuti aone ngati lili ndi mng'alu, makamaka pamene lakolekedwa ku kandodo ndi pamene lagwira chivundikiro. Amayang'ana mota ngati ili ndi mizere yoyera ya madzi ouma kapena zobiriwira za dzimbiri pa pulagi. Timanyenyeswa ta pulasitiki pansi pa mota ndi umboni wa magiya operepeseka.

Kenaka amatenga multimeter n'kuyeza mota iliyonse itachotsedwa pa pulagi. Ziwirizo ziyenera kusonyeza manambala oyandikana. Imodzi ikasonyeza kuti njira ya magetsi ndi yoduka, yapsa. Zonse zikakhala bwino, amayeza mawaya kuchokera pa mota kukafika pa bolodi. Bolodi loyendetsa makina lili kutsogolo kwa dilowa, pamene mamota ali pa kabati yosasuntha, ndiye mawaya ake amapindika nthawi iliyonse dilowa ikatsegulidwa kapena kutsekedwa. Patapita zaka, waya amatha kuduka mkati khungu lake lili losalala. Waya wotere amabweretsa vuto longobwera n'kupita, lero makina ayenda mawa akana, ndipo amagwidwa poyeza uku mtolowo ukugwedezedwa.

Mota imodzi ikafa, asinthe imodzi kapena zonse ziwiri?

Amisiri ambiri amasintha zonse ziwiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mamota awiriwo agwira ntchito maulendo ofanana chigulireni makina. Imodzi ikatopa, inzake siili kutali. Yatsopano ikaikidwa pambali pa yakale imathamanga kuposa inzake, chivundikiro n'kumatsika chopendekeka, labala osakhala bwino. Ntchito yaikulu ndi yochotsa dilowa, ndiye kuli bwino ichitike kamodzi. Goli looneka lotopa ndi chivundikiro cha labala wouma zisinthidwenso nthawi yomweyo.

Pogula pamafunika nambala ya mtundu wa makina ndi nambala ya makinawo pawokha, zomwe zili pa kapepala komatidwa pa makina. Mota ya kumanzere ndi ya kumanja n'zosiyana, ndipo wogula anenenso ngati ndi ya dilowa ya m'mwamba kapena ya m'munsi. Asanamasule chilichonse, wokonza ajambule zithunzi ndi foni zosonyeza mmene mawaya ndi mapayipi adutsira.

Poika zatsopano, timandodo ta mbali zonse tikhale pa msinkhu umodzi, chivundikiro chili m'mwamba, dilowa isanabwezedwe pa njanji. Mapayipi asapotoke kapena kupanikizika kumbuyo. Akamaliza ayese ndi pulogalamu ya amisiri ija, kenaka atsuke kamodzi dilowa ili yopanda mbale, n'kuunika pansi pa kabati ngati pali dontho.

Nanga bolodi likhoza kukhala lolakwa?

Likhoza, koma limaganiziridwa pomaliza chifukwa ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa makinawa. Mamota akayezedwa n'kupezeka abwino, magoli ali athunthu, mawaya ali olumikizana, koma magetsi sakufika pa pulagi ya mota nthawi yoyesa, pamenepo ndiye bolodi lakhudzidwa. Nthawi zina mota yomangika kapena yonyowa ndiyo imaotcha gawo la bolodi loiyendetsa. Woika bolodi latsopano osachotsa mota yoteroyo akhoza kuotchanso latsopanolo.

Pa makina a madilowa awiri, dilowa iliyonse ili ndi bolodi lake. Amisiri ena amagwiritsa ntchito bolodi la dilowa yabwino poyesera yodwalayo asanauze mwini makina kuti agule lina.

Kodi mwini makina angakonze yekha, kapena aitane mmisiri?

Kuzimitsa ndi kuyatsanso, kupakira bwino, kupukuta mlomo wa beseni, kupapasa labala ndi kumvetsera mamota ndi ntchito ya aliyense. Kuchotsa dilowa ndi kusintha mamota kumatheka kwa munthu wozolowera zipangizo, wokhala ndi multimeter ndi womuthandiza kunyamula. Koma pakamveka fungo lopserera, pakaoneka madzi pafupi ndi bolodi la pansi, kapena makina akamagwetsa magetsi a m'nyumba, ntchitoyo ndi ya mmisiri wodziwa za magetsi.

Makina amene akadali pa chitsimikizo cha kampani asamasulidwe n'komwe, chifukwa kutero kumatha kuluzitsa mwayi wokonzeredwa mwaulere. Ngakhale chitsimikizocho chitatha, malamulo a m'mayiko ena amatetezabe wogula. Ku New Zealand, lamulo la Consumer Guarantees Act la 1993 limafuna kuti katundu akhale wolimba kwa nthawi yoyenera mtengo ndi mtundu wake. Ku Britain kuli Consumer Rights Act la 2015, lomwe limaika udindo pa sitolo imene inagulitsa katunduyo. Lisiti likhale losungidwa. Wokhala m'nyumba ya lendi yomwe anaipeza ndi makinawo adziwitse eni nyumba asanakhudze kanthu.

Poitana mmisiri, mwini makina anene nambala ya mtundu, uthenga wotuluka, dilowa yokhudzidwa, phokoso limene wamva, ndiponso ngati pansi panali madzi. Mmisiri wouzidwa zimenezi amabwera ndi zipangizo zoyenera pa ulendo woyamba.

Wofuna kugula makina otere a kaunjika kuti atumize kumudzi asamale chiyani?

Ayambe ndi magetsi. Makina opangira msika wa ku America, omwe atsopano ake amadziwika ndi nambala yoyamba ndi DD24, amafuna 120 volts. A ku Britain, Australia ndi New Zealand, omwe atsopano ake amayamba ndi DD60, amafuna magetsi a 230 volts ofanana ndi a ku Malawi ndi Zambia. Manambalawo amanena kutambalala kwa makina: mainchesi 24 kapena masentimita 60.

Asanalipire, apemphe wogulitsa kuti ayatse makina. Amvetsere mamota a dilowa iliyonse potsika ndi pokwera, aunike chivundikiro ngati chili chowongoka, apapase labala, ndipo ayang'ane pansi pa kabati ngati pali mizere ya madzi ouma. Dilowa yolimba potsegula makina atamaliza ntchito imasonyeza kuti chivundikiro sichikukwera mokwanira, ndipo kawirikawiri chimenechi chimayamba kuoneka uthenga wa F5 kapena E5 usanatuluke.

Zipangizo za makinawa sizipezeka wamba m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka, ndipo kuziitanitsa payekha kumatenga nthawi ndi ndalama. Wotumiza aike m'bokosi lomwelo mamota a chivundikiro a kumanzere ndi kumanja, magoli awiri, chivundikiro chatsopano chokhala ndi labala wake, ndi buku la amisiri la mtundu umenewo losindikizidwa papepala, kuti wokonza wa kumeneko adzapeze manambala a zipangizo ndi ndondomeko yoyesera. Makinawo akafika alumikizidwe kudzera pa chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chonga chimene chimaikidwa pa firiji.